Muvi wa geji ya kutentha ukukwera pa Land Rover Series III, koma madzi sakuwira

A Mwale

Akuluakulu, ndikupempha nzeru pa vuto limene landisowetsa mtendere pa Land Rover Series III ya 1974, ya injini ya petulo ya malita 2.25. Ndikailiza m'mawa, muvi wa geji ya kutentha umanyamuka pa C (kuzizira) n'kufika pa N (kutentha koyenera) monga mwa nthawi zonse, koma ndikangolowa mumsewu n'kuponda mafuta, muviwo umapitirira mpaka kukatsamira pa H (kutentha kwambiri). Ndikaima pambali injini ikulira pang'onopang'ono, umatsikako pang'ono, ngakhale kuti pa N penipeni subwererapo. Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti madzi sakuchepa m'rediyeta, nthunzi sikutuluka paliponse, ndipo injini ikukoka bwinobwino ngakhale pa chitunda.

Makaniko anatsuka rediyeta, anakungitsa fani beluti, kenaka anasintha sender, kachipangizo komva kutentha kamene kamamangidwa pa silinda hedi. Sender yatsopanoyo itangolowa, muvi unasiya kufika pa H, ndipo tsopano umaima pakati pa N ndi H. Iwo akuti vuto lachepa, chotsatira n'kuchotsa thermostat, kachitseko kamene kamalola madzi kupita ku rediyeta injini ikatentha, ndipo zikakanikabe atsegule silinda hedi kuti aone gasiketi. Ndisanavomere ntchito yaikulu chotere, ndati ndimve kaye kwa inu amene mwakhala nawo nthawi yaitali magalimoto akalewa.

A Gondwe

Achimwene a Mwale, musalole kaye kuti wina agwire sipanala pa silinda hedi. Pa zonse zimene mwafotokozazi palibe pamene mwanena kuti munthu wina anayeza kutentha kwa injiniyo ndi chipangizo china chosiyana ndi geji imene mukuikayikirayo. Funso loyamba n'lakuti kodi injini ikutenthadi kapena geji ikunama, ndipo mayankho awiriwa amatsogolera ku ntchito zosiyana kotheratu.

Pezani thermometer ya infrared, ija mumangolozetsa pa chinthu n'kuwerenga madigiri. Yendetsani galimoto mpaka muvi ufike pamene umakuopsanipo, imani osazimitsa injini, tsegulani boneti, ndipo mulozetse pa chitsulo chimene mumakhala thermostat, pomwe paipi yapamwamba ya rediyeta imayambira. Mulozetse pamalo pakuda kapena popakidwa penti, chifukwa chitsulo chonyezimira chimapusitsa chipangizochi n'kupereka nambala yotsika. Muyezenso paipi yapamwamba ndi yapansi. Injini yathanzi imene ili ndi thermostat ya madigiri 82 imapezeka ili cha m'ma 80, ndipo paipi yapansi imakhala yozizirirapo poyerekeza ndi yapamwamba, kusonyeza kuti rediyeta ikugwira ntchito yake. Mukapeza madigiri oyandikira 100 kapena kuposa, ndiye kuti geji ikunena zoona ndipo tikambirana za wota pampu ndi rediyeta.

Chonde musatsegule chotsekera cha rediyeta injini ili yotentha. Madzi amene ali m'katimo ndi opanikizika, ndiye chifukwa chake amatha kupitirira madigiri 100 osawira, koma mukangomasula amawira nthawi yomweyo n'kukuthirani kumaso.

A Banda

Ine ndikugwirizana ndi makaniko wanu pa nkhani ya thermostat. Magalimoto akale ambiri amene ndawaona akuyenda opanda thermostat, ndipo eni ake sadandaula za kuwira. Kachitsulo kameneka kakakalamba kamakanirira kosatseguka, madzi n'kulephera kupita ku rediyeta. Chotsani, muone ngati muvi sutsika.

Mayi Nkhoma

Bambo Banda, muvi utsikadi, koma kutsika kwakeko sikudzatiuza kuti vuto linali chiyani. Injini yopanda thermostat imayenda yozizira kuposa mmene inapangidwira, choncho ngakhale geji imene ikuwonjeza madigiri idzaoneka ngati yachira. Pamenepo mwini galimoto amakhala atabisa vuto limodzi ndi kudzipangira lina, popeza injini yoyenda yozizira imamwa mafuta ambiri, petulo wosapsa bwino amatsuka oyilo m'makoma a masilinda, ndipo chinyezi chimene chimayenera kuuma oyilo akatentha chimatsalira m'kati. Pa mainjini ena akale thermostat imatsekanso kanjira kachidule ka madzi ikamatseguka, moti ikachotsedwa madzi ena amangozungulira m'injini momwemo osadutsa ku rediyeta.

Thermostat imene yakanirira yotseka siichita manyazi. Injini imawira m'mphindi zochepa, paipi yapamwamba imakhala yozizira pamene silinda hedi ikuotcha, ndipo madzi amatayika. A Mwale anena kuti madzi sakuchepa. Ngati mukuikayikirabe, imasuleni, muimangirire ku kawaya n'kuiviika mumphika wa madzi amene ali pamoto limodzi ndi thermometer, ndipo mudzaona ndi maso anu ikutseguka madzi akafika pa nambala imene inadindidwa pa iyo.

A Gondwe

Ndiwonjezereko pa za gasiketi, popeza ndi imene ingakudyereni nthawi yambiri. Gasiketi yopsa imasiya zizindikiro zooneka: thovu lotuluka mosalekeza pakamwa pa rediyeta injini ikulira, utsi woyera wosatha ngakhale injini itatentha, oyilo wosanduka ngati mkaka pansi pa chotsekera, mapaipi olimba gwa injini itangolira kumene, ndiponso madzi ochepa tsiku ndi tsiku popanda podontha. Ngati palibe ngakhale chimodzi mwa zimenezi, palibe chifukwa chotsegulira silinda hedi.

A Mwale

Zikomo kwambiri nonse. Ndabwereka thermometer ija ndipo ndachita monga mwa malangizo a Gondwe. Muvi uli pakati pa N ndi H, pa chitsulo cha thermostat ndapeza madigiri 83, paipi yapamwamba 80, ndipo yapansi inali yotsika ndithu kuposa pamenepo. Thovu m'rediyeta mulibe, oyilo sanasanduke ngati mkaka, ndipo utsi ndi wa masiku onse. Zikuoneka kuti injini ilibe mlandu. Tsopano ndiyambire pati pa geji, popeza sender ndi yatsopano kale?

A Kachingwe

Bambo Mwale, ndisanayankhe ndikufunseni funso limene lingaoneke ngati losagwirizana ndi nkhaniyi. Kodi geji ya mafuta ikuchita bwanji masiku ano? Kodi mwaona kuti ikusonyeza petulo wambiri kuposa amene mwathira, kapena kuti muvi wake umakwera mukathamanga n'kutsika mukaima?

A Mwale

Bambo Kachingwe, zimenezo zikuchitikadi. Thanki ikakhala pa theka, muvi umasonyeza ngati yatsala pang'ono kudzaza, ndipo ndimaona ngati choyandama cha m'thanki ndi chimene chatopa. Mavuto awiriwa anayamba nyengo imodzi, ngakhale sindingathe kunena kuti linayamba ndi liti.

A Kachingwe

Ndiye kuti tayandikira. Ndifotokoze mmene mageji amenewa amagwirira ntchito, chifukwa munthu akamvetsa zimenezi sagulanso zipangizo mwachisawawa.

Mageji a Smiths amene ali mu Series III, monganso m'magalimoto ambiri a ku Britain a zaka za m'ma 1960 ndi 1970, sayendetsedwa ndi maginito. M'kati mwa geji muli kachitsulo kopyapyala kopangidwa ndi zitsulo ziwiri zosiyana zomatidwa pamodzi, ndipo kazunguliridwa ndi waya wowonda kwambiri. Magetsi akamadutsa m'wayamo amatenthetsa kachitsuloko, ndipo popeza zitsulo ziwirizo sizifutukuka mofanana, kachitsuloko kamapindika n'kukankha muvi. N'chifukwa chake muvi wa galimoto yotere umakwera mwaulesi mukatembenuza kiyi, sudumpha. Sender ya pa silinda hedi ntchito yake ndi kuchepetsa kapena kuchulukitsa magetsi odutsa. Ikakhala yozizira imakaniza magetsi kwambiri, ikamatentha imawalola kudutsa ochuluka, ndipo amathera mu chitsulo cha injini chimene ndi earth yake, kutanthauza njira imene magetsi amabwererera.

Tsono geji yotere imakhulupirira kuti mphamvu ya magetsi imene ikulandira sisintha. Koma magetsi a galimoto amasinthasintha: batire lili pa mavoti 12 ndi pang'ono injini isanalire, ndipo olutaneta ikamatchaja amafika cha pa 14. Pofuna kuthana ndi zimenezi, opanga anaika kabokosi kachitsulo kakang'ono kotchedwa voltage stabiliser, kamene pa Series III kamamangidwa kumbuyo kwa spidomita. Kabokosika kamadyetsa mageji awiri, ya kutentha ndi ya mafuta, ndi mphamvu yofanana ndi mavoti 10. Nakonso kali ndi kachitsulo kopindika ndi waya wotenthetsa m'kati, ndipo kamangotsegula ndi kutseka magetsi mobwerezabwereza kuti pakati pake pazipezeka 10.

Mfundo yofunika kwambiri ndi iyi: waya wotenthetsa wa mu stabiliser umapeza earth kudzera m'chikopa cha kabokosiko, chimene chimagundana ndi chikopa cha spidomita, ndipo spidomitayo imalandira earth kudzera mu waya wakuda, pakuti dashibodi ya Series III ndi ya pulasitiki. Earth imeneyi ikasowa, kachitsulo ka mu stabiliser sikatentha, choncho sikadula magetsi, ndipo mageji onse awiri amalandira magetsi onse a galimoto. Kutentha kwa waya wa mu geji kumakwera mofulumira kuposa mmene mavoti akwerera, moti kuchoka pa 10 kufika pa 14 kumachulukitsa kutenthako pafupifupi kawiri. Mukaponda mafuta olutaneta imakweza mavoti, mivi yonse iwiri n'kukwera. Mukaima mavoti amatsikako, mivi n'kutsikako, koma osafika pamalo pake chifukwa ngakhale 12 ndi wochuluka kuposa 10. Zimene mwafotokoza pachiyambi zikugwirizana ndendende ndi zimenezi.

Pamene geji imodzi yokha ndi imene ikunama, timayang'ana sender yake, waya wake ndi gejiyo. Pamene onse awiri akunama mbali imodzi, timayang'ana chimene amagawana.

A Banda

Bambo Kachingwe, mwafotokoza momveka, ndipo za thermostat ndazisiya. Komabe ndili ndi funso. Ine ndinayezapo stabiliser ndi multimeter, chipangizo choyezera magetsi, ndipo manambala ankangodumphadumpha, pena 12, pena 0, pena 7. Kodi imeneyo si ndiyo yowonongeka?

A Kachingwe

Ayi bambo Banda, imeneyo ndi imene ili moyo. Stabiliser yakale siitulutsa mavoti 10 okhazikika, imangoyatsa ndi kuzimitsa, ndipo mageji saona kuphethiraku chifukwa zitsulo zawo zimachedwa kutentha ndi kuzizira. Multimeter ya manambala imatola mphamvuyo pa kamphindi kamodzikamodzi, n'chifukwa chake imaoneka ngati yasokonezeka. Stabiliser zambiri zabwinobwino zatayidwa chifukwa cha kusamvetsa kumeneku.

Njira yosavuta ndi kugwiritsa ntchito babu laling'ono loyesera magetsi. Kabokosika kali ndi mbali ziwiri zolembedwa zilembo. Ya B ndi imene imalandira magetsi ochokera ku fyuzi kiyi akatembenuzidwa, kudzera mu waya wobiriwira. Ya I ndi imene imapita ku mageji, ndipo waya wake ndi wobiriwira motuwa. Gunditsani babu pa B, liyenera kuyaka mosaphethira. Gunditsani pa I, dikirani masekondi angapo, ndipo liyenera kuyamba kuphethira. Likayaka mosalekeza, ndiye kuti stabiliser ilibe earth kapena yakanirira osadula magetsi. Likapanda kuyaka konse pamene pa B pali magetsi, ndiye kuti yafa itadula magetsi, koma zikatero mageji onse awiri amagona pansi osanyamuka, zimene sizikuchitika kwa a Mwale.

Babulo likayaka mosalekeza, musathamangire kugula ina. Tengani waya, mbali imodzi muigunditse pa chikopa cha stabiliser, inayo pa chitsulo chosapakidwa penti cha galimoto kapena ku mbali ya negative ya batire. Likayamba kuphethira, stabiliser ndi yabwino ndipo chosowa ndi earth basi.

Mayi Nkhoma

Pali earth inanso imene a Mwale ayenera kuiyeza nthawi yomweyo, imene imalumikiza injini ndi chasisi. Sender imathera mu injini, pamene geji ndi stabiliser zimadalira earth ya thupi la galimoto. Lamba wa waya wolukidwa amene amalumikiza ziwirizi akachita dzimbiri kapena kuduka nyuzi zina, magetsi ochokera ku olutaneta amavutika kubwerera, ndipo pamakhala kusiyana kwa mphamvu pakati pa injini ndi thupi. Kusiyana kumeneko kumawonjezeka pa magetsi odutsa mu geji ya kutentha, muvi n'kukwera makamaka usiku mukayatsa nyali. Geji ya mafuta siikhudzidwa kwenikweni ndi vuto limeneli, choncho sindikuganiza kuti ndilo gwero, koma kuyeza kwake n'kwa mphindi imodzi. Lizani injini, yatsani nyali zonse, ikani multimeter pakati pa chitsulo cha injini ndi negative ya batire. Nambala yake ikhale kachigawo kakang'ono ka voti imodzi. Ikayandikira theka la voti, masulani lambayo, palani malo amene amakhudza mpaka awale, ndipo mumangenso. Pa magalimoto amene lambayu waduliratu, magetsi amafuna njira ina, ndipo ndinaonapo waya wa choke ukutentha mpaka kusungunula chikopa chake.

A Phiri

Pepani akuluakulu, ndilowererepo ndi vuto la mtundu womwewu. Ndili ndi galimoto ya MGB ya 1965, imene ili ndi geji imodzi yosonyeza zinthu ziwiri, mphamvu ya oyilo pamwamba ndi kutentha kwa madzi pansi. Muvi wa oyilo ukugwira bwino, koma wa madzi wagona pansi ngakhale injini itenthe bwanji. Ndayang'ana kumbuyo kwake kuti ndipeze waya wa sender monga mwafotokozera, koma ndikungoona kapaipi kowonda kokulungidwa ndi sipuling'i kochokera ku silinda hedi. Kodi stabiliser ingakhale ndi mbali pamenepa?

A Gondwe

Achimwene a Phiri, geji yanuyo ndi ya mtundu wina, ndipo magetsi alibe nayo gawo kupatula babu lounikira usiku. Ku silinda hedi kuli kabotolo kachitsulo kokhala ndi ether, madzi amene amasanduka mpweya pa kutentha kochepa. Injini ikamatentha, mpweyawo umapanikizika n'kudutsa m'kapaipi kamene mwakaonako mpaka kukafika mu geji, m'mene muli kapaipi kena kopindika kamene kamawongoka pang'ono n'kukoka muvi. Kabotolo, kapaipi ndi geji ndi chinthu chimodzi chotsekedwa kufakitale. Kapaipiko kakangong'aluka, kawirikawiri pamene kamakhuzana ndi chitsulo kapena pamene kanapotoka munthu akumasula nati ya kabotolo, ether yense amathawa ndipo muvi sunyamukanso.

Kuti mutsimikize, masulani kabotoloko injini ili yozizira, mutathira kaye mafuta omasulira dzimbiri pa nati, ndipo muonetsetse kuti nati yokha ndi imene ikuzungulira, osati kabotolo ndi kapaipi komwe. Kaviikeni m'madzi owira. Muvi ukapanda kusuntha, gejiyo ikufunika kupita kwa akatswiri okonza mageji kuti akaike kapaipi kena ndi kuthiramo ether, kapena mugule ina yathunthu. Kudula kapaipiko n'kulumikiza nokha sikuthandiza. Poika yatsopano, musakapinde mokhota kwambiri, ndipo musiye kamkombero kamodzi pakati pa injini ndi thupi la galimoto kuti injini ikamagwedezeka kapaipi kasathyoke.

A Phiri

Zikomo achimwene. Ndayang'anitsitsa ndipo ndapeza pamene kapaipiko kanaphwatalala pafupi ndi nati. Nditumiza gejiyo kwa okonza.

A Mwale

Ndabwera ndi zotsatira. Ndinamasula dashibodi n'kuikokera kutsogolo, batire nditalichotsa kaye, kenaka ndinalibwezera kuti ndiyeze. Pa B babu linayaka bwino. Pa I linayakanso, koma mosaphethira ngakhale ndinadikira nthawi ndithu. Nditagunditsa waya kuchokera pa chikopa cha stabiliser kupita ku chitsulo, babu linayamba kuphethira pasanathe masekondi ochepa, monga mmene a Kachingwe ananenera.

Nditaunika ndi tochi kumbuyo kwa spidomita, ndinapeza waya wakuda wokhala ndi kamphete kunsonga ukulendewera wokha m'kati mwa mawaya ena. Pa timabawuti tiwiri timene timagwira spidomita pali tinati tozungulira tomanga ndi zala, ndipo pansi pa kamodzi panali chizindikiro chozungulira chowala pamene kamphetekako kankakhala, pomwe malo ena onse anali ndi dzimbiri. Chingwe cha spidomita chinasinthidwa miyezi ingapo yapitayo, ndipo zikuoneka kuti waya umenewu sunabwezeretsedwe pa nthawi imeneyo. Ndapala kamphete ndi malo ake, ndamanga, ndipo tsopano babu likuphethira popanda waya wothandizira. Earth ya injini ndayezanso monga mayi Nkhoma analangizira, ndipo ndapeza mavoti 0.1, choncho kumeneko kulibe vuto.

Geji ya mafuta yabwerera m'malo mwake. Koma ya kutentha tsopano yachita zosiyana: injini ili pa madigiri 83 omwe aja, muvi ukuima pakati pa C ndi N, osafika pa N ngakhale ndiyende mtunda wautali. Kodi ndingoisiya choncho, popeza sikundiopsanso?

A Kachingwe

Musaisiye bambo Mwale. Geji imene ikusonyeza kutentha kochepa kuposa kwenikweni ndi yoopsa kuposa imene munali nayo poyamba. Yoyamba ija inkakuimitsani pamsewu popanda chifukwa, koma iyi idzakhala ikusonyeza N pa tsiku limene injini ili pafupi kuwira, ndipo podzafika pa H silinda hedi idzakhala itapindika kale.

Kumbukirani zimene munanena poyamba, kuti sender yatsopano itaikidwa muvi unatsikako. Injini sinasinthe, stabiliser inali ilibebe earth, ndiye n'chifukwa chiyani muvi unatsika? Yankho lake n'lakuti sender yatsopanoyo imakaniza magetsi kwambiri kuposa yakale. Panali zolakwika ziwiri zokokerana, china chokweza muvi ndi china chotsitsa, ndipo pamodzi zinkaoneka ngati vuto likuchepa. Mwachotsa chokweza, chotsitsa chatsala poyera.

Ma sender ambiri amafanana kunja, mazinga ake amalowa bwinobwino m'bowo lomwelo, koma m'kati ndi osiyana. Smiths yeniyeniyo inapanga mitundu yosiyana, ina ya mageji akale a maginito amene analibe stabiliser, ina ya mageji a kachitsulo kopindika, ndipo sender iliyonse iyenera kuyenda ndi geji imene inapangidwira. Kodi sender yakale ija mukadali nayo?

Mayi Nkhoma

Musanaweruze sender yatsopanoyo, yang'ananinso mmene inamangidwira. Amakaniko ambiri amakulunga tepi yoyera ya mapaipi a madzi pa mazinga poopa kudontha. Sender ya waya mmodzi imapeza earth kudzera m'mazinga omwewo, ndipo tepi ikachuluka imatchinga magetsi, muvi n'kumawerenga motsika. Kachitsulo kolowetsapo waya pamwamba pa sender nakonso kakachita dzimbiri lobiriwira kapena kukhwepa kamabweretsa vuto lomwelo. Waya wake pa galimoto yanuyo ndi wobiriwira wokhala ndi mzere wabuluu.

Kuti mudziwe ngati geji ndi waya wake zili bwino, zulani wayayo pa sender, tembenuzani kiyi, ndipo muugunditse pa chitsulo cha injini wina akuyang'ana dashibodi. Muvi uyenera kukwera molunjika ku H. Akangoona kuti ukupitirira N, chotsani msanga, chifukwa waya wa m'kati mwa geji ndi wowonda ngati tsitsi ndipo mukaugwiritsa nthawi yaitali popanda sender upsa. Muvi ukakwera bwino, geji ndi waya zilibe mlandu, ndipo chatsala ndi sender yokha.

A Gondwe

Ngati yakale ilipo, ziyezeni zonse ziwiri musanamange iliyonse. Ikani madzi otentha m'chitini pafupi ndi injini limodzi ndi thermometer. Lumikizani waya wa geji ku sender, tengani waya wina mulumikize thupi la sender ku chitsulo cha injini, ndipo muviike mbali ya pansi yokha, pamwamba polowa waya pasanyowe. Mupatse muvi mphindi ziwiri kapena zitatu kuti ukhazikike. Madzi akakhala pa madigiri a m'ma 80, muvi ukhale pa N, ndipo madzi ongophulidwa kumene akuwira aufikitse kufupi ndi H. Mukatero mudzakhala mukudziwa tanthauzo la malo aliwonse pa geji yanu, chinthu chimene zilembo zitatu zija pazokha sizinena.

Pomanga sender, madzi ena adzatayika ndipo mpweya udzalowa. Dzazaninso rediyeta, lizani injini chotsekera chili chotsegula kuyambira ili yozizira mpaka thermostat itatseguka, ndipo muwonjezere madzi akatsika. Sender imawerenga bwino ikamizidwa m'madzi. Ikakhala mu mpweya kapena mu nthunzi imatha kusonyeza kutentha kotsika, ndipo n'chifukwa chake galimoto imene yataya madzi onse nthawi zina muvi wake umagwa m'malo mokwera. Muvi ukagwa mwadzidzidzi muli paulendo, imani muyang'ane madzi.

A Mwale

Sender yakale inali ikadali m'bokosi la zipangizo. Waya nditaugunditsa pa injini, muvi unakwera bwinobwino. Pa sender yatsopano panalidi tepi yochindikala, koma ngakhale nditaichotsa yonse n'kuyeza m'chitini pa madigiri 82, muvi unaimabe pansi pa N. Yakale ija m'madzi omwewo inaimitsa muvi pa N penipeni, ndipo m'madzi owira inaufikitsa pafupi ndi H. Ndabwezeretsa yakaleyo popanda tepi, sikudontha, ndipo pamsewu muvi ukukhala pa N kaya ndithamange kaya ndiime, nyali zoyaka kapena zozima. Thermostat ili m'malo mwake ndipo silinda hedi sinakhudzidwe.

Funso langa lotsala ndi la stabiliser. Popeza ndi yakale kwambiri, kodi ndi bwino kuikiratu ya makono ija yopanda zitsulo zoyenda m'kati?

A Kachingwe

Imene ilipoyo ikugwira ntchito, choncho palibe chokukakamizani. Mukadzafuna kusintha, ya makonoyo ili ndi ubwino wakuti imatulutsa mavoti 10 okhazikika amene multimeter imawerenga mosavuta, ndipo ilibe nazo ntchito kuti yamangidwa chotani, pamene yakale iyenera kukhala molunjika monga mwa chizindikiro cha TOP chimene chimalembedwa pa zambiri mwa izo. Koma muonetsetse zinthu ziwiri pogula. Choyamba, ikhale ya mavoti 10, chifukwa magalimoto ena, monga a Ford a ku America a zaka zomwezo, amagwiritsa ntchito ya mavoti pafupifupi 5, ndipo kunja tonse timaoneka ngati timabokosi tofanana. Chachiwiri, ya makono imasankha mbali ya batire imene yalumikizidwa ku thupi la galimoto. Series III yanu ndi ya negative earth, koma magalimoto ambiri a ku Britain opangidwa chisanafike chaka cha 1967, monga MGB ya a Phiri ngati sinasinthidwe, ndi a positive earth, ndipo mukaika ya mbali yolakwika imapsa mukangotembenuza kiyi. Nayonso imafuna earth yabwino, choncho waya wakuda uja uyenera kukhalabe pansi pa kanati kake, ndipo ndi bwino kuikapo washala ya mano kuti isakhwepe ndi kugwedezeka kwa galimoto.